Kavalo, thabwa ndi mtsetse: kumene njanji inachokera

Njanji inabadwira pa mgodi wa malasha. Inayamba ili ya matabwa, yopanda injini, yopanda siteshoni, ndipo katundu wake anali mmodzi yekha basi. Pokwera chitunda ngolo zake zinkakokedwa ndi kavalo, potsika zinkayenda zokha chifukwa cha kulemera kwa malasha amene zasenza. Njanji yotereyi inagwira ntchito zaka zoposa 200 mluzu wa sitima usanamveke, ndipo m'madera ena inapitirirabe zaka zina zoposa 100 sitima yautsi itafika kale.

M'chaka cha 2025 dziko la Britain linachita chikondwerero cha zaka 200 za njanji. Ankawerengera kuyambira pa 27 Sepitembala 1825, tsiku limene injini ya nthunzi yotchedwa Locomotion inakoka ngolo za malasha ndi anthu pa njanji ya Stockton ndi Darlington, kumpoto chakum'mawa kwa England. Tsikulo ndi lalikulu ndithu, palibe angalichepse. Koma mawu amene afala m'mabuku a sukulu ndi m'manyuzipepala, akuti njanji inayamba tsiku limenelo, ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kwakwirira mibadwo ya anthu amene anayala matabwa, kuyendetsa ngolo ndi kudyetsa akavalo kalekale injiniyo isanapangidwe.

Gwero la zonse ndi khalidwe la malasha enieniwo. Ndi katundu wolemera koma wotchipa. Pakamwa pa mgodi mtengo wake umakhala wochepa, chimene chimaukweza ndi ulendo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 nkhuni zinayamba kusowa ku England, ndipo mzinda wa London unatembenukira ku malasha ophikira, owotha ndi owotchera njerwa. Ambiri ankachokera m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, ku Newcastle, ndipo ankafika ku London pa zombo. Malondawa anakula moti London itapsa ndi moto mu 1666, msonkho wa malasha olowa mumzindawo ndiwo unalipira mbali yaikulu ya ntchito yomanganso tchalitchi cha St Paul's. Koma migodi ya m'mphepete mwa mtsinje inayamba kutha kapena kudzaza madzi, ndipo yatsopano inkakumbidwa kumtunda, makilomita angapo kuchokera kumadzi. Misewu inali yadothi. Mvula ikagwa mawilo ankatitimira m'matope, malonda n'kuima. Kavalo wosenza pamsana ankanyamula makilogalamu 100 ndi pang'ono chabe, ndipo ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri ndi akavalo awiri sinkafikitsa ngakhale tani imodzi.

Nzeru yoyendetsa ngolo pa matabwa inayamba kuoneka m'migodi ya zitsulo ya ku Germany. Buku la Georgius Agricola lonena za migodi, De re metallica, la mu 1556, lili ndi chithunzi cha kangolo kokankha pamanja koyenda pa matabwa awiri, kokhala ndi msomali pansi wolowa mu mpata wa pakati pa matabwawo kuti kasasochere. Kameneko kanali ka pansi pa nthaka, ka munthu mmodzi.

Njanji yakale kwambiri ya kunja kwa mgodi imene mapepala ake alipo mpaka lero ndi ya ku Wollaton, pafupi ndi Nottingham. Inayalidwa pakati pa 1603 ndi 1604 ndi Huntingdon Beaumont, amene ankakumba malasha ku Strelley mogwirizana ndi mwini malo wa ku Wollaton, Sir Percival Willoughby. Inali yotalika makilomita atatu. Beaumont anatengera luso lomwelo kumpoto, ku migodi ya kufupi ndi Blyth ndi Bedlington, koma kumeneko ndalama zake zinalowa m'madzi, ndipo anafera m'ndende ya angongole ku Nottingham mu 1624. Pa nthawi yomweyo njanji zina zamatabwa zinkatsitsa malasha ku mtsinje wa Severn kuchokera ku Broseley, ku Shropshire.

Ku Tyne ndi ku mtsinje woyandikana nawo wa Wear ndi kumene lusoli linakhwimira. Pofika m'zaka za m'ma 1700 mapiri a m'mbali mwa mitsinjeyi anali atadzaza njanji zimene eni ake ankazitcha waggonway, kutanthauza njira ya ngolo. Kamangidwe kake kankayamba ndi maso a wopima nthaka. Ntchito yake inali kupeza njira yotsika pang'onopang'ono kuchokera pa mgodi mpaka kumtsinje, yopanda chikweza chimene chingalepheretse kavalo mmodzi. Pamene pali dzenje ankathirapo dothi, pamene pali chitunda ankachidula. Akatero ankagoneka mitanda chopingasa, n'kukhomerapo matabwa aatali a thundu ndi zikhomo zamtengo, kenako n'kukwirira mitandayo ndi miyala ndi phulusa kuti ziboda za kavalo zisaikukute. Thabwa linkatha msanga, ndipo kulizula kunkawononganso mitanda ya pansi. Choncho anayamba kusanjika matabwa awiri: lapansi lokhalitsa, lapamwamba la mtengo wa beech loti likaperepeseka alichotse n'kuikapo lina. Wilo la ngolo linali ndi mlomo m'mphepete mwake wogwira thabwa cham'kati, ndipo mlomo umenewo ndi womwewo uli pa wilo la sitima lero.

Ngolo yake inali yotakata pamwamba, yopanikiza pansi ngati dengu, ndipo inkanyamula muyeso wotchedwa chaldron, wolemera matani pafupifupi 2.7. Kavalo mmodzi ndi munthu mmodzi ankasuntha katundu amene pamsewu akanafuna ziweto khumi kapena kuposerapo. Oyendetsa ambiri anali alimi obwereka minda m'deralo, kapena antchito awo, ndipo ankabwera ndi kavalo wawowawo n'kumalipidwa pa ulendo uliwonse. Zithunzi zojambula pamanja za nthawi imeneyo zimaonetsa woyendetsa akuyenda patsogolo pa kavalo atagwira kamtolo ka udzu kuti amukope. Zina zimamuonetsa pa mtsetse: wamasula kavalo n'kumumangirira kumbuyo kwa ngolo, iye wakhala pa mtengo wautali wopindika umene ukutsamira pa wilo lakumbuyo. Mtengo umenewo ndiwo unali buleki, ndipo mphamvu yake inali kulemera kwa thupi la munthuyo. Mawilo achitsulo atayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1730, ambiri ankawaika kutsogolo kokha, kumbuyo n'kusiya amatabwa chifukwa buleki inkaluma bwino pa thabwa. Ngolo ikafika kumtsinje inkakwera pa nsanja yaitali ya matabwa, woyendetsa n'kugogoda chitseko cha pansi, malasha n'kukhuthukira m'bwato lophwatalala lotchedwa keel, limene linkanyamula ngolo zisanu ndi zitatu kupititsa ku zombo zodikira kumatsiriro a mtsinje. Apo kavalo ankabwerera kutsogolo, n'kukoka ngolo yopanda kanthu kukwera nayo kumgodi.

Ntchitoyi inali yoika moyo pachiswe. Thabwa likanyowa ndi mvula kapena likaundana ndi chisanu limaterera ngati sopo, ndipo buleki ya mtengo sigwira. Pa mitsetse yoopsa ankalemba anyamata ndi madoda okalamba oti azimwaza phulusa pa matabwa, ndipo nyengo ikaipa kwambiri ngolo zinkaima masiku angapo. Ngolo imodzi ikapulumuka inkatsika liwiro la mtondo wadooka n'kukagunda zinzake za patsogolo, akavalo n'kuthyoka miyendo, anthu n'kuvulala kapena kufa kumene.

Kukula kwa malondawa kumaoneka pa mlatho wa Causey Arch, ku County Durham, umene unamangidwa mu 1725 ndi 1726 ndi mmisiri wa miyala wa m'deralo, Ralph Wood, pa njanji ya Tanfield. Ndi uta umodzi wa miyala wotambalala mamita 31, woima mamita 24 pamwamba pa kamtsinje, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 panalibe mlatho wa uta umodzi woposa umenewu mu Britain monse. Pa nthawi imene malonda anali pachimake, ngolo zoposa 900 zinkadutsa njanjiyi tsiku lililonse. Mlathowu uli chiimire. Unali ndi zaka 99 tsiku limene Locomotion inayamba ulendo wake.

Komatu chimene chinkapweteka njanjizi koposa mvula chinali dyera. Njanji inkadutsa m'minda ya anthu ena, ndipo mwini malo aliyense ankalipiritsa lendi ya chilolezo chodutsa. Amene malo ake anali pakati pa mgodi ndi mtsinje ankangotchula mtengo umene wafuna. Eni migodi akuluakulu anaona kuti chilolezochi ndi chida: ankagula zilolezo za njira zimene sankafuna n'komwe kumangapo kanthu, n'kumalipira lendi chaka ndi chaka pofuna kutsekereza anzawo kuti asafike kumtsinje. Ankapanganso upo wochepetsa malasha otumiza ku London kuti mtengo ukwere. Zotsatira zake, njanji zina zinkazungulira njira yaitali popanda chifukwa cha nthaka, zitatu kapena zinayi zinkayenda mogundana kupita kumalo amodzi, migodi ing'onoing'ono n'kumatsekedwa malasha ali tho pansi. Ndi chifukwa chake kwa zaka zoposa 100 njanji sizinalumikizane kukhala chinthu chimodzi chotumikira anthu onse, ngakhale luso lotero linalipo.

Kwina nako zinafalikira. Ku Scotland njanji ya Tranent ndi Cockenzie ya mu 1722 inkatsitsa malasha kupita kogombe kumene ankaphikira mchere, ndipo mu 1745 nkhondo ya Prestonpans inamenyedwera pamalo pamene inkadutsa. Ku Leeds, njanji ya Middleton ya mu 1758 inali yoyamba kumangidwa ndi chilolezo cha nyumba ya malamulo, njira imene inathandiza kuchepetsa mphamvu za eni malo.

Chitsulo chinalowa pang'onopang'ono. Mu 1767 Richard Reynolds wa ku Coalbrookdale anayamba kuyala mipiringidzo yachitsulo chosungunula pamwamba pa matabwa. Cha m'ma 1787 John Curr wa ku Sheffield anafalitsa njanji yachitsulo yokhala ndi mlomo wake yomwe, yoyendapo mawilo osalala, ndipo mtundu umenewu unakondedwa kwambiri ku South Wales. Pa chitsulo kavalo mmodzi ankakoka ngolo zingapo nthawi imodzi. Vuto linali lakuti chitsulo chothira m'chikombole chimasweka ngati phale chikapsinjidwa mwadzidzidzi, ndipo zidutswa zake zinali zazifupi, pafupifupi mita imodzi. Izi zinaonekera poyera mu 1804 ku Penydarren, pamene injini ya nthunzi ya Richard Trevithick inakoka matani 10 a chitsulo ndi anthu 70 pa njanji ya akavalo. Injiniyo inayenda bwino, koma inaphwanya njanji, ndipo akavalo anabwerera pa ntchito yawo. Injini inayenera kudikira njanji yoti iipirire. Njanjiyo inabwera mu 1820, pamene John Birkinshaw anapeza njira yopsinja chitsulo chosula kukhala mipiringidzo yotalika mamita anayi ndi theka, yopindika koma yosasweka. Anachitira zimenezi ku Bedlington, dera lomwe lija Beaumont anagwerako m'ngongole zaka 200 m'mbuyomo.

Pa nthawi yomweyi anapezanso njira yogwiritsa ntchito mtsetse mokwanira, kavalo osafunika n'komwe. Pamwamba pa phiri ankaikapo chigudumu chachikulu chokulungidwa chingwe. Nsonga imodzi ankaimanga ku ngolo zodzaza zimene zili pamwamba, inayo ku ngolo zopanda kanthu zimene zili pansi. Akamasula buleki, zodzaza zinkatsika n'kumakoka zopanda kanthu kukwera nazo, magulu awiriwo n'kupatukirana pakati pa mtsetse pamene njanji inkagawikana pawiri. Munthu mmodzi wogwira buleki ya chigudumu ndiye ankalamula liwiro lonse. Panalibe moto, panalibe udzu wodyetsa chiweto: malasha ankadzitsitsa okha n'kudzibweretsera ngolo zoti anzawo akwere. Pamene njanji inayenera kukwera ndi katundu, ankamanga injini ya nthunzi yokhazikika pamwamba pa phiri yokoka ndi chingwe. Njanji ya mgodi wa Hetton ya mu 1822 inaphatikiza njira zonsezi pamodzi ndi injini zoyenda, ndipo inali yoyamba kumangidwa kuti igwire ntchito popanda chiweto.

Amene anaipima ndi George Stephenson, ndipo moyo wake womwe ndi umboni wotsutsa nkhani yakuti zonse zinayamba mu 1825. Anabadwa mu 1781 m'kanyumba ka ku Wylam kamene njanji yamatabwa ya akavalo inkadutsa pakhomo pake penipeni. Anakula akuona ngolo za chaldron zikudutsa, anagwira ntchito ya buleki pa injini za m'migodi, ndipo injini yake yoyamba ya mu 1814 anaiyendetsa pa njanji ya akavalo ya ku Killingworth. Ku Middleton injini za nthunzi zinali zitayamba kale kukoka malasha tsiku ndi tsiku kuyambira 1812.

Ngakhale tsiku lotchuka lija, likaonedwa bwinobwino, linali la njira zakale ndi zatsopano pamodzi. Lamulo loyamba la njanji ya Stockton ndi Darlington, la mu 1821, linali la njanji ya akavalo, ndipo injini zinawonjezedwa mu lamulo lachiwiri la mu 1823. M'mawa wa pa 27 Sepitembala ngolo za malasha zinakwezedwa ndi chingwe pa phiri la Etherley, zinakokedwa ndi akavalo kuwoloka mtsinje wa Gaunless, zinakwezedwanso ndi chingwe pa Brusselton, ndipo Locomotion inadzazilandira zitafika kale ku Shildon. Patsogolo pa sitimayo pankayenda munthu wokwera kavalo atanyamula mbendera. Zaka zotsatira, apaulendo ankakwera ngolo zokokedwa ndi akavalo mpaka 1833, ndipo malasha ambiri ankakokedwabe ndi ziweto. Mu 1828 njanjiyi inayambitsa kangolo kafupi kotchedwa dandy, kokoledwa kumbuyo kwa ngolo za malasha. Pofika pa mtsetse ankamasula kavalo, iye n'kupatuka, ngolo n'kumudutsa, kenako n'kudumphira m'kangoloko n'kutsika atakwera, akudya udzu. Kavalo wopuma choncho ankayenda mtunda wautali pa sabata kuposa wotsika ndi miyendo. Ku France nako njanji yoyamba, ya mu 1827 kuchokera ku Saint-Étienne kupita ku Andrézieux, inali ya akavalo otsitsa malasha ku mtsinje wa Loire.

Kumene njanji ya mtsetse inafika pachimake ndi ku Pennsylvania, m'dziko la America. Kumeneko kuli malasha olimba, onyezimira, otchedwa anthracite, ovuta kuyatsa koma otentha kwambiri ndi a utsi wochepa. Anapezeka pa Summit Hill mu 1791, pamwamba pa phiri, kutali ndi msika. Josiah White ndi Erskine Hazard anakonza mtsinje wa Lehigh kuti uziyenda mabwato, n'kulambula msewu wotsika mosalekeza kuchokera pa mgodi mpaka ku Mauch Chunk, tauni imene lero ikutchedwa Jim Thorpe. Mu 1820 anatumiza matani 365 ku Philadelphia. Mabwato awo oyamba anali mabokosi a matabwa a ulendo umodzi: akafika mumzinda ankawaphwasula n'kugulitsa matabwawo, amalinyero n'kubwerera kwawo wapansi.

Kumayambiriro kwa 1827, m'miyezi yochepa chabe, anayala njanji pa msewu uja, ndipo inatsegulidwa mu Meyi. Inali ya matabwa okhomedwa chilamba chachitsulo pamwamba, yotalika makilomita 14, yotsika mamita pafupifupi 280. Ngolo zodzaza zinkatsika zokha m'magulu, munthu wa buleki atakwerapo, ndipo ulendowo unkatha pafupifupi theka la ola. Kumbuyo kwake kunkabwera ngolo za nyulu, ziweto zobadwa mwa bulu ndi kavalo, zikudya m'zodyera zawo uku zikutsika phiri. Pansi zinkatsika m'ngolo n'kuyamba ntchito yeniyeni, yokoka ngolo zopanda kanthu kukwera nazo, ulendo wa maola atatu kapena anayi. Apa ndi pamene panali chopinga. Njanji inali imodzi, ndipo nthawi yonse imene nyulu zinkakwera, malasha sankatsika. Pofika 1846 anali atamanga njira yachiwiri yobwerera. Ngolo zopanda kanthu zinkakwezedwa pa phiri la Mount Pisgah, mamita pafupifupi 200, ndi injini yokhazikika: kangolo kotchedwa barney kankatuluka m'dzenje la pansi pa njanji n'kuzikankha kumbuyo mpaka pansonga. Kuchoka apo zinkatsetsereka zokha makilomita angapo mpaka patsinde pa Mount Jefferson, n'kukwezedwanso, n'kutsetserekera ku mgodi. Njanji yonse inasanduka mkombero wa makilomita pafupifupi 29, ndipo nyulu zinapuma.

Mu 1872 anaboola phiri ku Hauto, malasha n'kupeza njira yachidule. Njanji ya mtsetse ija inatsala ya alendo obwera kudzamva kukoma kwa liwiro ndi kuona mapiri, ndipo ambiri amaitenga ngati kholo la timangolo tothamanga ta m'mapaki a zisangalalo totchedwa roller coaster. Inagwira ntchito imeneyi zaka pafupifupi 60. Magalimoto atachuluka ndi chuma cha dziko chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, inatsekedwa, ndipo 1940 isanafike zitsulo zake zinali zitagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Njanji imene inali m'gulu la zoyamba zenizeni za ku America inayesedwa pa sikelo ngati zidutswa za makasu.

Chakumpoto kwa Pennsylvania komweko, njanji ya Delaware and Hudson, yopimidwa ndi John Jervis, inatsegulidwa mu 1829 kuchokera ku migodi ya Carbondale, kudumpha mapiri a Moosic, mpaka ku Honesdale, mtunda wa makilomita 26. Kumeneko malasha ankalowa m'mabwato a m'ngalande yokumba yotalika makilomita 174 yopita ku mtsinje wa Hudson, panjira ya ku New York. Eni ake anaitanitsa injini ku England, ndipo pa 8 Ogasiti 1829 Horatio Allen anayendetsa Stourbridge Lion, injini yoyamba kuyenda pa njanji ya malonda ku America. Inapezeka yolemera kuposa mmene matabwa a njanjiyo akanapirira, ndipo anaiika pambali. Zingwe, akavalo ndi mtsetse ndizo zinanyamula malasha a njanjiyi, ndipo inagwira ntchito zaka 70, mpaka 1899.

Njira zakalezi zinachedwa kufa chifukwa zinali zotchipa. Ku Derbyshire akavalo ankakokabe malasha pa Little Eaton Gangway mpaka 1908. Ku New Zealand mtsetse wa Denniston, wotsika mamita oposa 500 pa mtunda wosakwana makilomita awiri, unatsitsa malasha kuyambira cha m'ma 1880 mpaka 1967. Pa njanji ya Bowes, kufupi ndi Tyne, mtsetse wa chingwe umene unatsegulidwa mu 1826 unagwira ntchito mpaka 1974.

Nanga zinatheka bwanji kuti mbiri yaitali chonchi iiwalike? China ndi chilengedwe: thabwa limaola, ndipo losaola ankalizula n'kukaligwiritsa ntchito kwina. Njira zambiri anaziyalanso ndi chitsulo, zina zinasanduka misewu ndi tinjira ta oyenda pansi. China ndi mtundu wa mapepala amene anasungidwa. Otsala ndi a lendi, a ngongole ndi a milandu ya malire, chifukwa ndiwo anali ndi phindu kwa eni chuma. Woyendetsa ngolo amaoneka m'mabukumo ngati nambala ya maulendo, mnyamata wa phulusa ngati kandalama kolipidwa pa tsiku. Koma chachikulu ndi chizolowezi cha olemba mbiri a m'zaka za m'ma 1800, amene ankafuna ngwazi imodzi, makina amodzi ndi tsiku limodzi. Locomotion anaiimika pa chipilala ku Darlington mu 1857 kuti anthu aziiona. Mtsetse wopimidwa bwino sungaimikidwe pa chipilala, ndipo pamene matauni ankakula, omanga nyumba ndi mafakitale ankasalaza zitunda za njanjizi osadziwa n'komwe chimene akufafaniza.

N'chifukwa chake zimene zinafukulidwa mu 2013 zinadzidzimutsa akatswiri. Pa bwalo lina lakale lopangira zombo m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, kum'mawa kwa Newcastle, pankafunika kumangidwa zatsopano, ndipo monga mwa lamulo, ofukula zinthu zakale anayamba ayang'ana pansi. Ankayembekezera zotsala za Aroma, poti malowo ali pafupi ndi kumene khoma lakale la Aroma, lotchedwa khoma la Hadrian, limathera. M'malo mwake anakumana ndi matabwa. Pansi pa dothi ndi zinyalala za malasha panali njanji yathunthu yamatabwa yotalika mamita pafupifupi 25, ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mitanda yake ili m'malo, zikhomo zili chikhomedwere. Chinyontho ndi kusowa kwa mpweya pansipo ndizo zinaisunga.

Zimene zinali zongowerenga m'mapepala zinaoneka ndi maso. Njira yaikulu, yodutsa ngolo zodzaza, inali ya matabwa osanjikiza awiri aja. Pambali pake panapatuka njira ina yotsikira m'kadzenje koyalidwa miyala pansi, kokhala ndi khoma ndi ngalande yotulutsira madzi. Limeneli linali dziwe lonyowetsera mawilo. Wilo lamtengo likauma limafota n'kung'aluka, tsono ngolo zobwerera zopanda kanthu zinkadutsa m'madzimo kuti mawilo amwe madzi ndi kutsukika. Mabuku akale ankatchula maiwe otere, koma ofukula anali asanalionepo ngakhale limodzi. Matabwa ambiri anali ndi mabowo ndi zizindikiro zosonyeza kuti anachokera ku zombo zophwasulidwa. Mitengo inali yodula, ndipo thabwa limene linayamba ntchito yake panyanja linkamalizira moyo wake pansi pa mawilo a ngolo zonyamula malasha.

Chimene chinamveka kutali koposa ndi muyeso wa pakati pa matabwa awiriwo: mapazi anayi ndi mainchi asanu ndi atatu. Pali nthano yofala yakuti muyeso wa njanji za lero unachokera ku magaleta ankhondo a Aroma. Umboni wa ku Tyne sukugwirizana nayo. Njanji za migodi zinali ndi miyeso yosiyanasiyana, mgodi uliwonse wakewake, ndipo ya ku Wylam inali mapazi asanu. Njanji yofukulidwayi inali mbali ya njira zimene pambuyo pake zinalumikizana ndi migodi ya ku Killingworth, kumene Stephenson anapangira injini zake. Iye anatenga muyeso umene anaupeza pa ntchito, anapita nawo ku Stockton ndi Darlington, kenako ku njanji ya Liverpool ndi Manchester ya mu 1830. Anawonjezerapo theka la inchi kuti mawilo asamapanikizike pokhota, n'kukhala mamilimita 1,435, ndipo lamulo la mu 1846 linaukhazikitsa pa njanji zatsopano za apaulendo mu Britain. Lero njanji zoposa theka za padziko lonse zili pa muyeso umenewu. Za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, kuphatikizapo imene imadutsa malasha a ku Moatize kupita kudoko la Nacala, zili pa muyeso wocheperapo wa mamilimita 1,067, umene unasankhidwa ku Cape, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1870 pofuna kuchepetsa ndalama zomangira m'mapiri.

Thabwa limene lakhala m'chinyontho zaka zoposa 200 likangoona dzuwa limayamba kufota ndi kusweka m'masiku ochepa, ndipo ntchito yomanga pamalopo sinkadikira. Panafunika kuthamanga kufunafuna ndalama, poti ndondomeko ya ofukula inakonzedwera miyala ya Aroma, osati matabwa onyowa. Anajambula ndi kuyeza njanji yonse, n'kuzula mbali ina ya matabwawo, thabwa lililonse ndi nambala yake. Anawatumiza ku York, kumene anawaviika kwa nthawi yaitali m'mankhwala onga phula olowa m'malo mwa madzi a m'kati mwa mtengo, kenako n'kuwaumitsa mozizira kwambiri. Patapita zaka zingapo anabwerera ku Tyneside, kumene akusungidwa limodzi ndi injini zakale za m'deralo.